MLENDO WAMALONDA NDI BANJA LAKE PAMASO PA LAMULO

Pa 17 May 2023 apolisi ndi asilikali adazinga madera ena a mzinda wa Lilongwe nagwira alendo amene adali kukhala kunja kwa msasa wa anthu othawa kwawo. Bungwe la UNHCR, limene limayang'anira anthu otere pa dziko lonse lapansi, lidawerenga anthu 377 amene adatsekeredwa ku ndende ya Maula, ndipo mwa iwo 117 adali ana. Patapita masiku owerengeka malole adakwera nawo msewu wa ku Dowa kukawatula pa Dzaleka. Ntchitoyo idapitirira m'maboma ena m'miyezi yotsatira, ndipo pakati pa otengedwawo padali eni masitolo, ogula mbewu, ndiponso ena amene adamanga banja ndi Amalawi nabereka ana konkuno.

Nkhani imeneyi idasiya mafunso awiri amene kalaliki wa pa boma la Dowa kapena mphunzitsi wa ku Ntchisi sangathe kuwazemba. Loyamba ndi ili: kodi ndi mlendo wotani amene ali ndi chilolezo cha kuchita malonda m'dziko muno? Lachiwiri, limene liri lovuta koposa, ndi ili: nanga mkazi wa mlendoyo, kapena mwamuna wake, amaima pa chiphaso cha yani? Yankho lake ndi lakuti malamulo amakoloweka banja lonse pa pepala la munthu mmodzi, ndipo amene adawalemba adali ndi maganizo akuti mwini pepala ndiye mwamuna, wotsatira ndiye mkazi. M'mapiri a Dowa ndi Ntchisi, kumene mwambo umatumiza mwamuna kukakhala kwawo kwa mkazi, maganizo amenewa amasemphana ndi moyo wa anthu, ndipo mavuto ambiri amachokera pomwepo.

Viza Si Chilolezo cha Malonda

Mlendo wochokera kutali amene akufuna kufika ku Mponela kapena ku Malomo kawirikawiri amatera pa bwalo la ndege la Kamuzu pa Lumbadzi, m'malire a Lilongwe ndi Dowa. Pamenepo amakumana ndi antchito a nthambi ya Boma yoona za anthu olowa ndi otuluka m'dziko, amene amatsata lamulo lotchedwa Immigration Act la chaka cha 1964, chaka chomwe dziko lino lidalandira ufulu wodzilamulira. Lamuloli lakonzedwa apa ndi apo m'zaka zapitazi, koma thunthu lake ndi lomwe lija.

Chinthu choyamba chimene anthu ambiri amasokoneza ndicho viza. Viza ndi chilolezo chofikira pa khomo la dziko, ndipo malamulo ake amasintha kawirikawiri. Mu October 2015 Boma lidayamba kulipiritsa viza anthu a maiko ambiri amene kale ankalowa ulere. Mu 2019 lidatsegula njira yopemphera viza pa intaneti. Mu February 2024 lidachotsera viza anthu a maiko 79 pofuna kukopa alendo odzaona dziko. Mndandanda wa maiko otere umatalika kapena kufupika monga mwa kuganiza kwa Boma la nthawiyo. Koma kaya mlendo walipira viza kaya sadalipire, chimene amalandira pa khomo ndi chidindo cha kudzacheza, cha masiku 30, chimene angathe kuchionjezera kufikira masiku 90. Ndi chidindo chimenechi angathe kuyendera misika, kukambirana ndi amalonda anzake ndi kuona ngati pali mwayi, koma sangalembedwe ntchito kapena kuima kuseri kwa kauntala kugulitsa katundu.

Amene afuna kukhalitsa ayenera kupempha chimodzi mwa ziphaso zina. Chilipo chiphaso cha ntchito, chimene m'maofesi amachitcha Temporary Employment Permit. Chimenechi amapempha ndi wolemba ntchito, sichipitirira zaka ziwiri pa nthawi imodzi, ndipo chimamanga mlendoyo pa ntchito yokhayo imene yalembedwa pa pepalapo. Chilipo chiphaso cha kukhala m'dziko chifukwa cha malonda, Business Residence Permit, chimene chimaperekedwa kwa munthu wodzilemba yekha ntchito, mwini kampani kapena wogawana kampani ndi ena; chimakhala zaka zisanu, ndipo zikatha mwini wake angathe kupempha zisanu zina. Chomaliza ndi Permanent Residence Permit, chiphaso cha kukhazikika, chimene chiribe malire a zaka koma sichisandutsa munthu nzika.

Wopempha chiphaso cha malonda amafunsidwa kalata ya apolisi a kwawo yosonyeza kuti alibe mlandu, setifiketi ya kulembetsa bizinesi yake, ndondomeko ya malonda amene akufuna kuchita, ndiponso kalata ya banki yotsimikiza kuti mpamba wake wachokera kunja kwa dziko lino. Mu 2019 mpamba wochepetsetsa umene mlendo ankayenera kusonyeza udali madola 50,000 a ku America, ndipo mapepala ake ankadzera ku bungwe la Malawi Investment and Trade Centre, limene lidakhazikitsidwa mu 2012. Cholinga cha zonsezi n'chosabisika: Boma likufuna mlendo wodza ndi chuma chatsopano, osati wodzalimbirana ndi eni dziko ndalama zomwe ziripo kale.

Wolowera pa Chiphaso cha Mnzake

Mwini chiphaso akaloledwa, mkazi wake ndi ana ake aang'ono amaloledwa kukhala naye monga anthu omudalira, malinga ngati asonyeza setifiketi ya ukwati ndi makalata a kubadwa kwa anawo. Poyang'ana koyamba zimenezi zikuoneka zachifundo, ndipo ndi zachifundodi, pakuti banja sililekanitsidwa pa khomo. Koma pali zinthu zitatu zimene wolowa motere ayenera kuzidziwa, ndipo kalaliki amene afunsidwa za izi ayenera kuzifotokoza mosapsatira.

Choyamba, masiku ake m'dziko ndi masiku a chiphaso cha mnzakeyo. Chiphaso chikatha osachikonzanso, kapena chikalandidwa chifukwa malonda agwa kaya mwini wake waswa lamulo, banja lonse limakhala lopanda poimira, ngakhale mkaziyo sadalakwe kanthu.

Chachiwiri, kuloledwa kukhala si kuloledwa kugwira ntchito. Mkazi wa mwini fakitale angakhale namwino wophunzira bwino, ndipo chipatala cha pa Madisi kapena cha pa Mvera chingakhale chikusowa anamwino, koma sichingamulembe ntchito popanda kumupemphera chiphaso chakechake cha ntchito, kuonjezera pa kulembetsa ku bungwe la anamwino ndi azamba. Chimodzimodzinso mphunzitsi. Mphunzitsi wamkulu wa sukulu yoima payokha amene alemba ntchito mkazi wa mlendo chifukwa chakuti mwamuna wake ali ndi mapepala abwino waswa lamulo, ngakhale adachita mosadziwa. Akuluakulu adati safunsa adadya phula.

Chachitatu ndicho cholemera koposa. Ukwati ukatha, kapena mwini chiphaso akamwalira, maziko amene wotsatirayo adaimapo amachoka, ndipo ayenera kupempha chiphaso m'dzina lake kapena kutuluka m'dziko. Munthu wodziwa kuti kukhala kwake kuli m'manja mwa mnzake sachedwa kusanduka wamantha. Mkazi wozunzidwa angathe kupirira nkhanza osapita ku polisi poopa kuti akadandaula adzathamangitsidwa pamodzi ndi womuzunzayo. Apolisi ndi antchito a zosamalira anthu ayenera kukumbukira kuti lamulo loletsa nkhanza za m'banja la 2006 limateteza aliyense wokhala m'nyumbamo, ndipo silifunsa kuti wozunzidwayo adalowa m'dziko pa chiphaso cha yani.

Kumene Sitolo Ingamangidwe

Ngakhale mlendo akhale ndi chiphaso cha malonda chokwanira, pali lamulo lina limene limamuuza kumene angachitire malondawo, ndipo lamulo limeneli liri ndi mbiri yaitali. M'masiku a Nyasaland sitolo ya Mmwenye idali chizindikiro cha pamalo pa malonda paliponse, ndipo mlimi wa fodya kapena mtedza akalandira ndalama zake ankagula nsalu, mchere, sopo ndi khasu kwa Mmwenyeyo. Pakati pa 1970 ndi 1978 Boma la Dr H. Kamuzu Banda lidalamula Amwenye kuti achoke m'madera a kumidzi nakachite malonda m'matauni akuluakulu okha, kuti Amalawi atenge malo awo. Cholinga chidali chabwino, koma ambiri mwa amene adalowa m'masitolomo adalibe mpamba, adalibe owakongoza katundu, ndiponso adalibe galimoto zokatengera katunduyo ku Limbe. Masitolo a Chipiku adatsegulidwa kuti awathandize kupikula pafupi, komabe nyumba zambiri zidatsekedwa, ndipo makonde ake opanda anthu adakhala mboni kwa zaka zambiri.

Mu 2012, amalonda a ku Karonga ndi a maboma ena atadandaula kuti anthu a ku China akuwalanda msika, Boma lidabwereza mfundo yomweyo. Alendo ogulitsa katundu mmodzimmodzi adauzidwa kuti pofika pa 31 July chaka chimenecho akhale atachoka m'maboma a kumidzi napita ku Blantyre, Lilongwe, Mzuzu kapena Zomba, ndipo mpamba umene udatchulidwa kwa wofuna malonda otere udali madola 250,000. Tanthauzo lake kwa anthu a ku Dowa ndi Ntchisi ndi lakuti golosale ya pa Mponela, pa Nambuma, pa Kamsonga kapena pa Khuwi ndi malonda osungidwira Mmalawi. Mlendo angathe kumanga fakitale yoyenga mafuta a soya kapena kuyambitsa ntchito ina yaikulu yolemba anthu, koma kugulitsa shuga pa kilogalamu si gawo lake.

Tsono apa ndi pamene ukwati umalowerera m'nkhani ya malonda. Laisensi ingalembedwe m'dzina la mkazi amene ndi nzika, pamene mpamba ndi nzeru za malondawo ndi za mwamuna amene ndi mlendo. Nthawi zina chimenechi ndi chinyengo chenicheni chofuna kuzemba lamulo. Nthawi zina ndi banja loona, la ana anayi, limene likudya pa sitolo yomweyo monga mabanja ena onse. Pepala la laisensi silingathe kusiyanitsa awiriwa.

Mlendo wa Mtundu Wina: Dzaleka

Alendo ambiri amene anthu a maboma awiriwa amawadziwa sadatere pa Lumbadzi ndi madola m'thumba. Adalowa wapansi, makamaka podzera ku Karonga ndi Chitipa, pothawa nkhondo ku Congo, Burundi, Rwanda, Somalia ndi Ethiopia. Msasa wa Dzaleka, umene kale udali ndende ya anthu omangidwa pa zifukwa za ndale, udatsegulidwira othawa kwawo mu 1994. Malowo adakonzedwera anthu osapitirira 12,000, koma pofika 2023 padali anthu oposa 50,000. Pa kalembera wa 2018 boma lonse la Dowa lidali ndi anthu oposa 770,000 ndipo la Ntchisi oposa 317,000. Motero msasawo pawokha ndi tauni yaikulu, ndipo msika wake wa Lachiwiri umadyetsa alimi ambiri a m'midzi yozungulira.

Wothawa kwawo sayendera malamulo a viza. Amayendera lamulo la othawa kwawo la 1989 ndi pangano la maiko onse la 1951, limene Malawi adalivomera mu 1987. Povomerapo Boma lidapatula mfundo zisanu ndi zinayi zimene lidati silidzamangidwa nazo kwathunthu, ndipo pakati pa izo padali ufulu wa kukhala paliponse pamene munthu afuna, ufulu wa kulembedwa ntchito ndi njira yofewa yolandirira unzika. Nthawiyo dziko lino lidali kulandira khamu la anthu othawa nkhondo ya ku Mozambique, amene pambuyo pake adapitirira miliyoni imodzi, ndipo kusamala kwa Boma kudali ndi chifukwa chake. Anthu a ku Mozambique adabwerera kwawo nkhondo itatha mu 1992. A pa Dzaleka ambiri sadabwerere, ndipo alipo amene adabadwira pa msasapo nakula mpaka kubereka ana awo.

M'zaka zimenezi ena adatuluka pa msasa nayamba timalonda m'matauni ndi m'malo a malonda a kumidzi. UNHCR idayerekeza kuti anthu otere adalipo ngati 8,000. Mu April 2021 Nduna yoona za chitetezo cha m'dziko, a Richard Chimwendo Banda, amene adalinso phungu wa dera la kum'mawa kwa Dowa, adalamula kuti onse abwerere ku Dzaleka pasanathe masabata awiri. Adafotokoza kuti Boma silikuwapirikitsa m'dziko, kuti amalonda akachitire malonda awo pa msasa, ndi kuti amene adamanga banja ndi Amalawi apemphe chiphaso cha kukhazikika. Nkhaniyo idapita ku khoti, ndipo chiletso chimene othawa kwawo adatenga chidachotsedwa ndi Khoti Lalikulu mu August 2022. Boma lidapereka masiku ena, lomaliza kukhala 15 April 2023, ndipo mwezi wotsatira, Nduna iri a Ken Zikhale Ng'oma, lamulolo lidagwira ntchito monga tafotokozera poyamba paja.

Zifukwa za Boma zidali ziwiri: kuteteza malonda ang'onoang'ono a eni dziko, ndi kudziwa amene ali m'dziko ndi kumene ali. Palibe Boma limene lingaleke kusamala zimenezi, ndipo amalonda ambiri a Chimalawi adaombera m'manja. Koma wothawa kwawo sangathe kulowa pa khomo la chiphaso cha malonda mosavuta, pakuti khomo limenelo limafuna pasipoti, kalata ya apolisi a dziko lomwe adathawa, ndi ndalama zochokera kunja, pamene zake adazipeza konkuno pogulitsa nyemba ndi mpunga. Choncho munthu amene wachita malonda zaka makumi awiri, wa mkazi wa ku Ntchisi ndi ana ophunzira pa sukulu ya Boma, pamaso pa lamulo ali kutali ndi chilolezo kuposa mlendo amene watera dzulo.

Lamulo ndi Chikamwini

Chilolezo choyamba chodziwika cha mlendo m'mapiri amenewa sichidalembedwe pa pepala. Mu 1889 amishoni A. C. Murray ndi T. C. B. Vlok adakhazikika pa Mvera chifukwa Mfumu Chiwere idawalola. Mwambo wa kuno uli ndi malamulo akeake a mlendo, ndipo lalikulu ndi la mkamwini. Pa Chichewa mwamuna amapita kwawo kwa mkazi, namanga nyumba pa malo a akuchikazi, nalima munda umene ampatsa. Ana ndi a mbumba ya mkaziyo, ndipo mwini mbumba ndiye malume wawo. Chitengwa chiripo, ndipo chafala m'madera a fodya, koma chimachitika popempha kwa eni mbumba. Motero m'maso mwa anthu a kwa Chiwere, kwa Dzoole, kwa Kalumo kapena kwa Nthondo, mwamuna wa ku Burundi amene wakwatira mwana wawo si chinthu chachilendo: ndi mkamwini wochokera kutali pang'ono, ndipo chiphaso chake ndi ankhoswe.

Malamulo olembedwa adayenda njira ina. Lamulo la unzika la 1966 lidapatsa mkazi wachilendo wokwatiwa ndi Mmalawi njira yolembetsera unzika chifukwa cha ukwatiwo, koma silidapereke njira yomweyo kwa mwamuna wachilendo wokwatira Mmalawi. Lidanenanso kuti mkazi wa Chimalawi amene walandira unzika wa mwamuna wake adzataya wa kuno ngati sanena poyera kuti akufuna kuusunga. Malamulo aakulu a dziko a 1994 adaletsa tsankho pakati pa mwamuna ndi mkazi, ndipo gawo 24 lidatchula ufulu wa mkazi wa kukhala ndi unzika ndi kuusunga. Mu 2006 komiti ya United Nations yoona za ufulu wa amayi idadandaula kuti lamulo la unzika ndi la olowa m'dziko akutsutsana ndi malamulo aakuluwo. Mu 2019 dziko lino lidavomereza kuti munthu angathe kukhala nzika ya maiko awiri, ndipo chimenechi chidachotsa mantha a amayi ambiri okwatiwa kunja.

Mfundo imodzi yofunika koposa kwa aphunzitsi ndi iyi: mwana wobadwira m'dziko muno amene mmodzi mwa makolo ake ndi nzika, kaya ndi bambo kaya ndi mayi, nayenso ndi nzika. Mwana wa mayi wa ku Malomo ndi bambo wa ku Rwanda ndi Mmalawi weniweni, woyenera malo pa sukulu, chitupa cha unzika akafika zaka 16, ndi gawo lake pa munda wa mbumba. Bambo akatumizidwa ku msasa, mayi ndi ana amatsala ndi njira ziwiri zowawa: kutsatira bamboyo kukakhala pa malo amene sadakonzedwere nzika, kapena kutsala pamudzi sitolo itatsekedwa ndipo wolipira fizi atachoka.

Palinso vuto la umboni. Gawo 22 la malamulo aakulu limavomereza ukwati wa pa mwambo, ngakhalenso wa anthu amene akhalira pamodzi nthawi yaitali, ndipo lamulo la maukwati la 2015 lidatsimikiza zomwezo. Koma wantchito wa pa desiki ya ziphaso sangaike ankhoswe mu failo. Amafuna setifiketi. Mabanja ambiri a kumudzi alibe pepala limenelo, ndipo amazindikira kufunika kwake tsiku limene galimoto ya apolisi yaima kale pakhomo.

Zimene Maiko Ena Adaona

Nkhani ya mkazi wa mlendo wamalonda si yatsopano m'chigawo chino cha Africa. Mu 1913 khoti la ku Cape, ku South Africa, lidakana kuti mkazi wa Mmwenye wina alowe m'dzikomo, ponena kuti ukwati wa chipembedzo chololeza mitala si ukwati pamaso pa lamulo. Chigamulocho chidanyozetsa amayi a Chimwenye ambirimbiri, ndipo chidali chimodzi mwa zifukwa zimene M. K. Gandhi adatsogolera anthu ake kukana malamulo mwamtendere. Mkazi wake Kasturba adalowa ndende chaka chomwecho, ndipo mu 1914 Boma la kumeneko lidagonja pa mfundoyo. Mu 1953 Boma la tsankho lidatsekanso khomo kwa akazi a Amwenye okwatiwira kunja. Olamulira a nthawiyo ankadziwa kuti kukaniza mkazi ndiyo njira yachidule youzira mwamuna kuti sadzakhazikika.

Amalawi nawonso adalawa mankhwala omwewo. Amuna a ku Dowa ndi Ntchisi amene adapita ku migodi ya Joni pa Wenela ankapita okha, pakuti mgwirizano wa ntchito udalibe malo a mkazi. Kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1970 Amalawi a ku migodiyo adaposa 100,000, kufikira pamene ndege idagwa pa Francistown mu April 1974 nipha anthu oposa 70, ndipo Dr Banda adaimitsa kulemba anthu. Midzi ya kuno ikudziwa bwino chimene chimachitika mwamuna akaloledwa kudutsa malire koma banja lake ayi: liwu lakuti mtchona lidabadwira pamenepo.

Makhoti a maiko oyandikana nawo adayamba kukonza zinthu m'zaka za m'ma 1990. Ku Botswana, Unity Dow, loya wokwatiwa ndi mwamuna wa ku America, adapambana mlandu mu 1992 wotsutsa lamulo limene linkamana ana ake unzika, ndipo lamulolo lidasinthidwa mu 1995. Ku Zimbabwe, mu 1994, Khoti Lalikulu koposa lidagamula pa mlandu wa amayi atatu kuti kukaniza mwamuna wachilendo kukhala m'dziko ndiko kulanda mkazi wake, amene ndi nzika, ufulu wa kukhala kwawo, pakuti kumamukakamiza kusankha pakati pa dziko lake ndi banja lake. Ku South Africa khoti loona za malamulo aakulu lidanena zofanana ndi zimenezi mu 2000. Maiko onsewa sadaleke kulonda malire awo. Adangovomereza kuti ukwati wa nzika ndi chinthu chimene wolonda malire ayenera kuchiwerengera.

Chimene Chatsalira

Antchito a Boma sapanga malamulo, koma ndiwo nkhope ya malamulowo kwa anthu. Kalaliki wa ku khonsolo amene akupereka laisensi ayenera kufunsa mlendo kuti ali ndi chiphaso cha mtundu wanji, pakuti chidindo cha kudzacheza, chiphaso cha ntchito, chiphaso cha malonda ndi khadi la wothawa kwawo ndi zinthu zinayi zosiyana, ndipo chirichonse chiri ndi malire ake. Ayeneranso kukana chiphuphu, chifukwa laisensi yogulidwa mseri ndiyo imasanduka misozi ya banja lonse tsiku limene lamulo lidzauka. Mafumu ndi atsogoleri a mipingo angathandize polangiza banja liri lonse la nzika ndi mlendo kuti lilembetse ukwati wake ndi kubadwa kwa ana nthawi ikadalipo. Mphunzitsi asabweze mwana chifukwa cha dzina la bambo wake, ndipo mwana akasowa m'kalasi mwadzidzidzi afunse kumene wapita.

Kwa opanga malamulo ntchito yatsala yaikulu. Mu 2019, pa msonkhano wa maiko onse wa za othawa kwawo ku Geneva, Boma la Malawi lidalonjeza kuunikanso malamulo ake pa nkhaniyi. Pounikapo pafunika zinthu zitatu. Malamulo a ziphaso ndi a unzika aone mwamuna ndi mkazi mofanana, kuti mkamwini wachilendo ndi mtengwa wachilendo ayendere njira imodzi. Wolowera pa chiphaso cha mnzake apatsidwe nthawi yodziwika yokonzera mapepala ake ukwati ukatha kapena maliro akagwa, ndipo ngati ali ndi luso limene dziko likusowa, njira yopezera chilolezo cha ntchito ikhale yaifupi. Ndipo wothawa kwawo amene ali pa ukwati woona ndi nzika, wotsimikizidwa ndi ankhoswe, mfumu ndi ofesi ya Bwana D.C., akhale ndi khomo lolowera ku chiphaso cha kukhazikika losafuna makalata ochokera ku dziko limene adathawa.

Zimenezi sizichotsa mphamvu ya Boma yoteteza wamalonda wa pa Mponela, ndipo sizitsegulira njira wachinyengo. Zimangopatsa wantchito wa Boma muyeso wosiyanitsira wachinyengoyo ndi mkamwini weniweni. Akale adati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Mawu amenewa ndi oona kwa wodzacheza wa masiku 30. Koma mlendo amene wakwatira pamudzi nabereka ana salinso mame, ndipo lamulo limene limamuyesa mame limalanga poyamba mkazi ndi ana amene ndi eni dziko.